Mzere Umene Ndinausiya Wopanda Dzina

Ndinali m'chaka chachiwiri cha uphunzitsi, pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Namwera, pamene ndinaona chidziwitsocho. Anachikhoma pachitseko cha tchalitchi. Bungwe lina la mpingo, lokhala ndi ofesi ku Blantyre, linkati lili ndi thandizo kwa aliyense wofuna kukonza misonkhano ya anthu amene angoyamba kumene ntchito: aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaulimi. Anthu ankalowa ndi kutuluka osachiyang'ana n'komwe. Ine ndinachiwerenga masabata atatu ndisanauze munthu.

Kuyang'ana ndi kukhala chete ndinazolowera ndili wamng'ono. Makolo anga anamwalira ndisanayambe sukulu, ndipo anandilera ndi agogo anga akuchikazi, kummawa kwa nyanja pafupi ndi mishoni ya Angilikani, kumene ankawamba nsomba n'kumagulitsa. Mwana wotere amadziwa kuti munthu wakwiya munthuyo asanatsegule pakamwa.

Aphunzitsi atsopano tinkaonana kamodzi pamwezi, tsiku lolandira malipiro ku boma. Akuluakulu ankakhala pabenchi pakhonde la ofesi, ife n'kumadikira kuseri pansi pa mtengo wa mango. Pansi pa mtengo umenewo ndi pamene ndinamva kuti wina akuphunzitsa makalasi awiri nthawi imodzi, wina chiyambireni ntchito sanalionepo buku la mphunzitsi, wina akugona m'kalasi chifukwa nyumba yake inagwa ndi mvula. Zonsezi tinkazinena moseka. Woseka kwambiri anali mnzanga wa ku Ntcheu, amene tinkagona naye chipinda chimodzi ku koleji. Anamutumiza ku Katuli kukaphunzitsa Sitandade 1, ana amene kwawo amalankhula Chiyao chokha, iye Chiyaocho osachidziwa ngakhale moni.

"Ndikati khalani pansi, amandiyang'ana ngati ndawapempha mbuzi," ankatero. "Iwe mwana wa kunyanja, undibwereke lilime lakolo teremu imodzi yokha. Ndidzakubwezera ndi thumba la kachewere."

Maganizo anga anali osavuta. Tizikumana katatu pachaka pa tchuthi, masiku awiri, m'kalasi imodzi ku Namwera, tizigona pamphasa, tiziphunzitsana zimene aliyense wazitulukira yekha. Chofunika chinali ulendo, chakudya ndi mapepala basi. Fomu ya bungwe lija itafika, ndinaona kuti ikufuna umboni woti eni ake akuifunadi misonkhanoyo. Choncho mwezi wotsatira ndinapita pansi pa mango ndi pepala, n'kupempha anzanga asanu ndi atatu kuti aliyense alembe chimene chikumuvuta, asaine.

Masiku amenewo munthu sankalemba dzina lake pansi pa dandaulo mwachisawawa. Dziko linali la chipani chimodzi. Kudandaula kunkatengedwa ngati kusayamika, ndipo kusayamika kunkamveka kutali. Asanu ndi awiri analemba mosamala, za choko, za mabuku, za madenga odontha. Mnzanga wa ku Ntcheu analemba kuti: "Ana anga samva Chichewa. Ndikufuna wondiphunzitsa kuyamba nawo m'chilankhulo chawo." Lamulo linali lakuti m'kalasi muzimveka Chichewa ndi Chingerezi chokha, ndipo tonse tinkalidziwa.

Asanasaine anaimika cholembera m'mwamba.

"Pepalali likupita kuti, iwe?"

"Ku Blantyre, kwa anthu a mpingo."

"Silidutsa pakhonde paja?" Analoza ndi milomo kumene kunali akuluakulu.

"Silidutsa. Ndikulonjeza."

"Chabwino. Ukalankhula iwe ndiye kuti n'zoona, paja mawu umachita kuwaumira ngati mchere." Anasaina dzina lake ndi zilembo zazikulu, mpaka kulowerera mumzere wa mnzake.

Pa tchuthi ndinapita kwathu, n'kupempha makina otayipira a ku ofesi ya mishoni. Ndinatayipa ndi zala ziwiri masiku atatu, ndi pepala la kaboni pansi kuti nditsale ndi kope langa. Ndinatayipanso mawu a anzanga ndi mayina awo, n'kuphatikiza pepala losainidwa lija. Pamwamba pa fomu panali mzere wa dzina la wopempha. Pansi panali malo a chidindo cha wansembe kapena cha mkulu wa kuntchito. Ine ndinkafuna kupita kwa ansembe.

Agogo anakana. Anali kutembenuza nsomba pa waya, osandiyang'ana.

"Ansembewa abwera dzana, sakukudziwa. Mwana wamasiye sapempha ndi pakamwa pake. Malo ako a ku koleji ndinakapempha ndine? Ndinatuma anthu. Upite kwa a insipekita."

A insipekitawo anali woyang'anira masukulu a dera lathu. Anaphunzira limodzi ndi bambo anga, ananyamula nawo bokosi pamaliro awo, ndipo ndi amene anandilankhulira kuti ndilowe koleji. Ndinkawatchula kuti bambo.

"Ndipo dzina lako usaliike pamwamba pa dzina la munthu wamkulu," agogo anawonjeza. "Usiye choncho. Akakuuza okha polemba."

Anandikulungira nsomba zinayi za chambo zowamba m'nyuzipepala kuti ndikawapatse. Lonjezo langa sindinaiwale. Ndinangodziuza kuti ndikupita kunyumba kwawo, osati pakhonde la ofesi, ndi kuti mnzawo wa bambo anga si boma.

Anandilandira bwino. Anavala magalasi n'kuwerenga tsamba lililonse, akugwedeza mutu.

"Bambo ako akanaona zimenezi! Mutu wawo womwe uja. Nanga mzere uwu wausiyiranji?"

"Ndimati mundiuze ndinu, bambo."

"Unaleredwa iwe. Siya pano, mwanangu. Ndidinda n'kutumiza ndekha. Kalata ya mwana imachedwa panjira."

Ndili pakhomo ndinalimba mtima. "Bambo, pepala la mayinalo ndi la anthu a ku Blantyre okha."

Anaseka. "Wayamba kundiphunzitsa ntchito? Uwapatse moni agogo."

Panadutsa materemu awiri. Mwezi uliwonse mnzanga ankandikuwira ndili patali: "Bwanji a nduna ya misonkhano? Ine mphasa ndagula kale!" Kenako mwezi wina sanabwere. Ndinkayesa kuti mvula yadula msewu wa ku Katuli, monga inkachitira.

Sabata yomweyo ndinalandira kakalata ka a insipekita. Ndifike Lachisanu m'mawa ku hotela ya ku Makokola, nditavala bwino, nditatenga zolembera. Ndinasita diresi langa kawiri. Ndinkaganiza kuti anthu a ku Blantyre akufuna kundiona.

Pachitseko cha chipinda cha misonkhano anamatapo pepala lalikulu, ndipo mutu wake unali umene ndinautayipa ine: Msonkhano Wolimbikitsa Aphunzitsi Atsopano. Anandikhazika pa katebulo pakhomo kuti ndizilemba mayina a obwera. Ndinalemba mahedimasitala. Ndinalemba anthu a ku ofesi, ndi wapampando wina wa chipani amene anabwera ndi anzake awiri. Ndinkangoyang'ana kumsewu. Pofika nthawi ya pemphero lotsegulira, mphunzitsi watsopano m'chipinda monse ndinali ine ndekha.

A insipekita anaimirira n'kuwerenga mawu awo otsegulira. Anali mawu anga, ndime ndi ndime, ngakhale ija ya mtengo wa mango. Akuluakulu a pabenchi aja anawomba m'manja. Mayi wina wochokera ku bungwe lija anati n'zosangalatsa kuona munthu wamkulu chotere akuganizira achinyamata, ndipo anafunsa kuti achinyamatawo ali kuti. A insipekita anayankha kuti nyumba imayambira pa nsanamira, tiyambe takonza akuluakulu, ndipo kuti woimira achinyamata alipo. Anandiloza. Ndinaimirira n'kupinda mawondo. Mayiwo anandimwetulira.

Kufika pamenepo ndinali nditangoberedwa, ndipo ndikanatha kupirira. Zinazo ndinazimva pa nthawi ya tiyi. A hedimasitala a ku Katuli anaima pafupi ndi tebulo langa, akudandaulira mnzawo ndi sikono m'manja.

"Mtsikana wanga wophunzitsa Sitandade 1 uja amuchotsa ntchito, achimwene. Akuti ankalemba zonyoza malamulo a boma. Anabwera anthu awiri pagalimoto, kumufunsa tsiku lonse, kalata yake n'kufika Lolemba. Pano tiana tonse tija tili pa ine. Pa msinkhu wanga uno ndiziimba a e i o u?"

Mnzawoyo anaseka mpaka kutsamwa.

Ndinadikira mpaka atatha kudya masana. Ndinawapeza a insipekita pakhonde ali okha, akutokosa m'mano.

"Bambo, pepala la mayina lija linapita kuti?"

"Tsitsa mawu," anatero, ngakhale kuti mawu anga sanakwerepo chibadwire. Anayang'ana uku ndi uku. "Pepala lija linali moto, mwanangu. Akanalitsegula panjira, chidindo changa chili pomwepo, bwenzi ine ndili kuti lero? Ndinalipereka ndekha kwa oyenera asanalipeze okha. Enawo angodzudzulidwa. Wapita ndi mmodzi yekha, ndipo anadzilembera yekha. Iwe wakufunsa ndani? Palibe, chifukwa dzina lako silinali paliponse. Ukawathokoze agogo ako."

"Nanga msonkhano wathu?"

"Apa uli pati? Si pa msonkhano pano? Wadya?"

Ndinati ndadya.

"Ndiye kakhale pamalo pako. Ena afika masana ano, akufunika kulembedwa."

Ndinapita kukakhala, n'kulemba mayina a obwera masana. Zimenezi sindinauzepo munthu kwa zaka zambiri.

M'mawa mwake ndinanyamuka ulendo wa ku Katuli. Ndinadzera kunyumba kwanga kukatenga kope la kaboni lija, ndinakwera lole ya chimanga mpaka pamene inathera, kotsalako ndinayenda pansi. Ndinkaganiza kuti mnzanga akaona kopelo adzadziwa kuti sindinawonjezere kanthu pa mawu ake, kuti zonse ndinachita ndi mtima wabwino.

Ndinamupeza akumanga mapoto ndi chingwe. Amayi ena a m'mudzimo anali kutuluka m'nyumbamo, ndipo anawatsanzika m'Chiyao, chopotoka koma chomveka. Anali atayamba kuchiphunzira yekha.

"Yafika nduna," anatero. Sanaseke.

Ndinafotokoza zonse, za agogo, za chambo, za magalasi a a insipekita, za hotela. Sindinalankhulepo nthawi yaitali chotero pamoyo wanga. Iye ankangomanga mfundo.

"Unati silidutsa pakhonde."

"Ndinapita nalo kunyumba kwawo."

"Kunyumba kwawo kulibe khonde?"

Ndinamupatsa kopelo. Anapukuta manja pachitenje n'kuwerenga pang'onopang'ono. Chala chake chinatsika ndi mayina asanu ndi atatu aja, chinaima pa lake, kenako chinabwerera patsamba loyamba, pamwamba penipeni.

"Anthu aja anandifunsa tsiku lonse kuti anatisonkhanitsa ndani," anatero. "Ndinati sindikukumbukira. Ndinkati ndikuteteza mnzanga amene dzina lake lili pamwamba pa athu, amene adzayambe ndiye kupsa." Anagogoda pamzere uja ndi chikhadabo. "Ife tonse tinalemba mayina. Lako lili kuti?"

Ndinayamba kunena za ulemu, kuti mwana salemba dzina pamwamba pa la wamkulu.

"Ulemu," anatero. "Ine ndinkayesa umaumira mawu chifukwa ndi amtengo wapatali. Kani umasunga khungu lako."

Sizinali choncho, koma pepala limene ndinabwera nalo ndekha linkanena zomwezo. Anandibwezera. Kenako analowa kuchipinda n'kutuluka ndi mphasa yatsopano, yokulungidwa, chingwe cha kumsika chikadali pomwepo.

"Tenga. Inali ya msonkhano wako. M'basi amalipiritsa katundu."

Ndinaisenza mpaka ku Namwera.

Nditawafotokozera agogo pa tchuthi chotsatira, anafunsa ngati ine ntchito ndikadali nayo. Ndinati ndili nayo. Anati, "Basi," n'kupitiriza kutembenuza nsomba. A insipekita ndinapitiriza kuwapatsa moni wa mawondo mpaka anapuma pantchito, ndipo pamaliro a agogo analankhula ndi iwo m'malo mwa banja. Pansi pa mango, anzanga asanu ndi awiri otsala aja ankati ndikafika nkhani n'kusanduka ya mvula.

Ku Ntcheu ndinalembako makalata atatu. Sanayankhidwe, ndipo sanabwezedwe kwa ine. Kope la kaboni ndikadali nalo, zilembo zake zinafufuma koma mayina akuwerengeka. Kangapo ndatengapo cholembera kuti ndilembe langa pamzere uja. Ndimachibwezera pansi, chifukwa tsiku limene mnzanga ankafunsidwa mafunso dzinalo panalibe.