Chipinda Chomeza Mawu

Chipinda chija ndinachikonza ndi nzeru zanga, ndiye palibe amene ndingamuloze chala. Nyumba yathu ku Kanjedza ili ndi kachipinda kakumbuyo komwe eni ake oyamba ankasungiramo chimanga. Nditagula kanema wamkulu ndi masipika asanu ku Limbe, ndinati muno ndiye tizioneramo mafilimu. Tsiku loyamba lomwelo mfuti za mufilimu zinagwedeza malata, agalu a anthu n'kuyamba kuuwa, pomwe olankhulawo ankamveka ngati ali mumgolo. Mkazi wanga anaima pakhomo atagwira m'chiuno. "Kodi abambo, mwatsegula bala?"

Zinandiwawa. Ine sindikonda kusekedwa, ndipo ndikayamba chinthu ndimapitirira muyeso. Ndinaitana kalipentala wina wachikulire wa ku Nkolokosa. Tinakhoma matabwa m'makoma, pakati n'kulowetsamo siponji ya matiresi, pamwamba n'kukuta ndi nsalu yakuda yochindikala. M'makona, momwe kugunda kwa masipika kumaunjikana, tinapanikizamo mabulangete a pakaunjika. Pansi tinayala kapeti, zenera tinalitseka ndi thabwa. Zitseko tinaika ziwiri zotsatizana, chamkaticho chokhala ndi mphira m'mphepete monse. Titamaliza, kalipentalayo anaima pakati n'kuwomba m'manja kamodzi. Phokoso linafera pomwepo. "Bwana, ntchito tagwira," anatero, "koma ine muno sindingagonemo." Anaseka, koma anatuluka mofulumira.

Ndinanyadira kwa chaka chathunthu. Aliyense wobwera kudzacheza ndinkamulowetsa kuti awombe m'manja.

Kenako bambo anga anadwala. Anabwera ndi amayi kuchokera ku Nsanje, anagonekedwa m'chipatala masabata awiri, ndipo adokotala anati akapumulire kunyumba. Nyumba yathu ndi ya ana atatu, wailesi, ndi maminibasi oimba mahutala pamsewu. Ndinatulutsa mipando m'chipinda cha kanema n'kuikamo bedi, mtima uli m'malo kuti ndapatsa bambo anga malo abwino kuposa onse. Atagona, anakhosomola, n'kutchera khutu. "Chifuwa changa chapita kuti?" anafunsa. Tonse tinaseka, iwonso anaseka.

Amayi okha sanaseke. Ankatsegula zitseko zonse ziwiri, ine ndikadutsa n'kutseka. "Kwathu wodwala satsekeredwa," anandiuza. Ndinawayankha mwaulemu, koma ndi ulemu wa mwana wophunzira, uja umatanthauza kuti inu za m'tauni simukuzidziwa. Ndinati adokotala anena kuti phokoso ayi.

Kwathu kuchigwa, maliro sayamba ndi uthenga. Munthu akatsirizika, mkazi amene ali naye pafupi amalira mokweza, wa nyumba yoyandikana n'kulandira kulirako ali mkati mothamanga, winanso n'kulandira, mpaka mudzi wonse wadziwa. Woyamba uja salira yekha kupitirira kamphindi. Ndiponso thupi silisiyidwa lokha, ngakhale kupita pakhomo pokha. Zimenezi ndinkazidziwa, ndinakulira momwemo. Kungoti sindinaziganizire pamene ndinkamata mphira pachitseko.

Linali Loweruka, kukutentha. Masana ndinawapititsira phala, bambo anamwa masipuni awiri, ndipo potuluka ndinakoka zitseko zonse ndi dzanja langali. Ndinapita kukatsuka galimoto, wailesi ikuulutsa mpira. Mkazi wanga ankaluka mwana tsitsi pakhonde. Kuchoka pomwe tinalipo kufika pabedi paja si masitepe khumi. Tinadya nzimbe, tinakangana za chigoli chokanidwa, tinaseka mpaka misozi.

Dzuwa litapendeka ndinanyamula tiyi. Ndinatsegula chitseko choyamba, kuli zii. Nditatsegula chachiwiri ndinapeza amayi atakhala pansi kumiyendo kwa bedi, atamanga chitenje pamimba, akugwedezeka uku ndi uku. Pakamwa panali poyasama ngati pa munthu wofuula, koma pankangotuluka mpweya wokhawokha. Mawu anali atatha. Anali atawatseka bambo maso, atawamanga chibwano ndi mpango wawo wa kumutu, atawaongola miyendo. Ndinagwira dzanja la bambo, linali litazizira kale.

"Amayi, bwanji simunatuluke kudzatiitana?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa za misala. "Ndikanawasiya ndi yani?" ananong'ona. "Ndalira, mwanawe. Ndalira."

Mkazi wanga atalowa n'kuona, anathamangira pakhonde n'kuponya mfuu, ndipo posakhalitsa azimayi oyandikana nafe anadzaza pabwalo. Anthu a ku Kanjedza si ouma mtima, akanabwera kalekale. Kumudzi, pa tsiku loika, azimayi analira mokwanira, koma amayi ankangotsegula pakamwa. Anakwatiwa ndi bambo ali mtsikana, ndipo kulira kwawo konse kunathera mu siponji yanga, palibe munthu anamvako ngakhale liwu limodzi.

Kanema uja ndinamusamutsira pabalaza. Chipindacho sindinachiphwasule. Kawiri konse ndatenga nyundo, n'kuima pakati pa makoma akudawo, n'kubwerera. Ndimaopa, ndinene zoona. Ndikaima mmenemo makutu amalira, ndipo ndimamva ngati nsaluyo yasunga chinachake chimene ndikang'amba chituluka. Ndikudziwa kuti siponji sisunga mawu, ndinawerenga bwino za zimenezi ndisanagule. Kudziwako sikunandithandize.

Amayi sanandidzudzulepo. Mawu awo anabwerera patapita masabata, ndipo amabwerabe kudzacheza, amagona ndi zidzukulu. Ulendo wina tili awiri pakhonde, iwo akusenda nandolo, ndinadzikakamiza kuwafotokozera zonse: matabwa, siponji, mphira, ndi kuti panja sipankamveka kanthu. Ndinkafuna andikalipire, mwina ndikanapepukidwa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, manja osaleka ntchito.

"Kodi ndi choncho?" anatero. "Zikomo wandiuza."

"Nanga inu masiku onsewa mumaganiza chiyani?"

Anathothola nandolo zingapo m'lichero asanayankhe.

"Ndinkati munandimva," anatero, "koma munafuna mumalize kaye zimene munkachitazo."