Datsun ya a Jekapu pa Dambo la Kasiya

A Tenson Jekapu anabadwira ku Kavalamanja m'banja la asodzi, koma madzi sankagwirizana nawo. Atate awo akawakweza m'bwato, iwo ankagwira m'mphepete n'kutsinzina mpaka bwatolo litakocheza. Nkhondo ya ku Rhodesia itafika m'mudzi mwawo mu 1978 anathawira ku Lusaka, kumene anapeza ntchito yotsuka zitsulo m'galaja ya mkulu wina wokonda mipikisano ya mamotoka ya m'tchire. Anamutsatira zaka khumi ndi zitatu, akugona pansi pa injini yotentha, akumanga zitsulo m'fumbi, anthu akuwombera m'manja munthu wina. Pampando wa dalaivala sanakhalepo pa mpikisano ngakhale kamodzi, ndipo chimenechi chinawakhala pamtima moyo wawo wonse.

Ine ndimamata matayala pafupi ndi galaja imene anatsegula atabwerako ku Lusaka, pa boma la Feira. Takhala moyandikana zaka zokwanira kuti ndiziwanena popanda kupepesa. Ndi makanika wabwino, wouma mutu, wosadziwa kuseka nthabwala za ena koma zake zokha. Kuseri kwa galajayo kunali Datsun yakale imene anaigula ilibe injini, nkhuku zikuikiramo mazira. Anaimanga pang'onopang'ono kwa zaka makumi awiri, chitsulo ichi cha ku Lusaka, icho chooloka pa bwato kuchokera ku Zumbo. Tonse tinkawaseka kuti akumanga bokosi lawo la maliro lokhala ndi magiya. Iwo ankangotiyang'ana, n'kupitiriza kupukuta.

Chimene anthu sankadziwa n'chakuti maso a a Jekapu ankatha. Tinkadziwa awiri, akazi awo a Edina ndi ine. Adokotala anawauza kuti si ng'ala yochotsa, ndi matenda a m'kati mwa diso, ndipo sabwerera m'mbuyo. Ankaona kutsogolo kokha ngati munthu wosuzumira m'paipi, m'mbali muli mdima, ndipo paipiyo inkachepa mwezi ndi mwezi. Ntchito ankagwira ndi zala. Kuyendetsa motoka pamsewu anasiya, akumanamizira msana.

Mu 2023 madalaivala onyamula ogula nsomba pakati pa boma ndi mlatho wa Luangwa anagwirizana zochita mpikisano wawo pa tsiku la ufulu, mu Okutobala. Wapampando wawo, Musa, anabwera kudzapempha a Jekapu kuti asankhe malo ndi kayendetsedwe kake, poti ndi okhawo pa Feira amene anauonapo mpikisano weniweni. Tsiku limenelo ndinawamva akuimba mluzu, chinthu chimene sindinamvepo chikhalire.

Malo anavuta. Msewu wa tala apolisi anaukana, ndipo anachita bwino, chifukwa umadutsa m'midzi. Bwalo la mpira la pasukulu linali laling'ono moti Datsun ikanatha kulimaliza isanalowe giya yachitatu. Musa anatchula mchenga wa kumtsinje, a Jekapu anamufunsa ngati akufuna mpikisano wothamanga kapena wokankha. Pomaliza anapeza dambo louma la Kasiya, chakunjira ya ku Mburuma, lathyathyathya, dothi lake lolimba chilimwe chonse. Anyakwawa a kumeneko anavomera, chilolezo chinalembedwa.

Mkangano unali pa kathamangidwe. Musa ndi anzake ankafuna kuti mamotoka onse khumi ndi imodzi anyamukire pamodzi, azungulire katatu, woyamba kufika ndiye katswiri. A Jekapu anakana. Anati motoka iliyonse izinyamuka yokha, munthu atagwira wotchi, izungulire kawiri, ndipo wothamanga nthawi yochepa ndiye apambane.

"Mudala, banthu safuna kuona wotchi," anatero Musa. "Bafuna mamotoka yapitane. Imozi-imozi monga tili pa laini ya ku chipatala?"

"Mpikisano wa zoona ni munthu na njila yake," anayankha a Jekapu. "Ivo vothamangisana ni va nkhuku."

Anawafotokozera za fumbi, za ngozi, za mmene ankachitira akatswiri ku Lusaka, ndipo zonsezo zinali zoona. Koma chifukwa chachikulu sanachitchule. Pakati pa mamotoka khumi, ena kumanja ena kumanzere, munthu wosaona m'mbali sangayendetse. Ali yekha panjira imene waiphunzira, angathe. Anyamatawo anang'ung'udza koma anagonja, ndipo dzina la Tenson Jekapu linalembedwa pa nambala seveni.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndinkawakweza pa njinga yanga yamoto kupita ku Kasiya. Kutentha kwa Feira mu Okutobala sikufuna masewera, choncho tinkafika dzuwa likungotuluka n'kubwerako isanakwane eyiti koloko. Ankayenda njira yonse wapansi akuwerenga mapazi, akugogoda dothi ndi chitsulo, akuika miyala yopaka laimu pokhota paliponse. Mapazi mazana atatu kukafika pa chulu, kukhotera kumanja, mazana awiri kukafika pa mtengo wa msau. Ankaziloweza mokweza tili panjinga mpaka ine ndinazidziwa osafuna. Datsun sanaitulutse n'kamodzi komwe, ankati mkwatibwi saonetsedwa ukwati usanafike.

Chakudza sichiimba ng'oma. Kutatsala masiku anayi, tayala la njinga yanga linaphwa panjira, ine wamatayala ndilibe ndi chigamba chomwe. Tinafika ku dambo cha m'ma teni koloko, ndipo tinapeza dambo lina. Mbuzi zinali ponseponse. Amayi, ana ndi nkhalamba, zigubu pamutu, ankadutsa pakati penipeni pa njira yathu, awa akupita, awa akubwera. Tinjira todutsa dambolo, ndi manyi a mbuzi amene tinkawapeza m'mawa uliwonse, ine ndinali nditaziona koma osaganizapo kanthu. Mlandu umenewo ndi wanga, chifukwa wa maso ndinali ine.

Mayi wina, a Elina, anatula chigubu chawo natifotokozera. Mjigo wa m'mudzi unauma mu Seputembala. Madzi otsala anali m'zitsime zokumba mumchenga wa kamtsinje kouma, kutsidya kwa dambolo. Madziwo amatuluka pang'onopang'ono, choncho mabanja makumi anayi amatunga mosinthana, lililonse ndi nthawi yake, ndipo lophonya limagona ndi ludzu pamodzi ndi ziweto zake. A Jekapu anafunsa ngati tsiku limodzi lokha sangatunge m'mamawa.

"Atata, m'mawa nzovu, m'mazulo nzovu," anatero a Elina. "Ise nthawi yasu ni ino ya zuwa, pamene zagona mumthunzi. Inango tilibe."

Anyakwawa povomera ankaganiza kuti mpikisano ndi kanthu ka mphindi zochepa, ndipo palibe anawauza zina. Mamotoka khumi ndi imodzi, iliyonse payokha kawiri, ndi kudikira fumbi kuti litsike, zikanadya maola asanu, omwewo a madzi.

Ndinayesa nzeru zanga zonse. Ndinati tiike anthu a mbendera oimitsa odutsa. A Jekapu anati mbuzi ya ludzu siidziwa mbendera. Ndinati tisinthe malo. Chilolezo chinali cha Kasiya, ndipo dambo lina lotere kulibe. Ndinati tidikire; mvula ikagwa mu Novembala dambolo limasanduka phala mpaka Meyi, ndipo tonse awiri tinkadziwa kuti pofika Meyi paipi ija idzakhala itatsekeka. Ndinafika ponena kuti tingokhala chete, anthuwa adzaona okha chochita. Anandiyang'ana ndi kadiso kawo kotsalako mpaka ndinachita manyazi.

Anakhala pa chulu nthawi yaitali, chitsulo chawo chili pamiyendo. Kenaka anafunsa a Elina kuti angathe kuwagwira anthu ndi mbuzi kwa nthawi yotalika bwanji popanda wina kutaya nthawi yake yotunga. A Elina anati theka la ola, osapitirira.

Madzulo ake a Jekapu anapita kwa Musa n'kumuuza kuti asintha maganizo: onse pamodzi, katatu, basi. Musa anasangalala, anawagwira dzanja nati mudala wayamba kumva. A Jekapu anamuuzanso kuti afufute nambala seveni, msana wavuta. Ine ndinali pomwepo, ndipo ndinapsa mtima, osadziwa kuti ndikupsera ndani.

A Edina ndi amene anakana kuti Datsun ikhale kuseri. Anati zaka makumi awiri akhala mitala ndi chitsulo chimenecho, ndiye chituluke anthu achione.

"Awisi Juliet," anatero kwa amuna awo, powaitana ndi dzina la mwana wawo, "pasani Arlete makiyi. Ngati imwe simungayende, Datsun yeve iyende."

Arlete ndi mpongozi wawo, mkazi wa ku Zumbo, amene amayendetsa kalole ka nsomba ndipo saopa munthu pamsewu. A Jekapu anamukhazika pansi masiku atatu akumuuza za chulu, za msau, za giya yachiwiri imene imafuna kunyengerera. Makiyiwo anamupatsa m'mawa wa tsikulo, atayang'ana kumbali.

Anthu anabwera ochuluka, ena pa malole, ena wapansi kuchokera ku Mburuma. Kumalire kwa dambo a Elina ndi anzawo anaima ndi ndodo atatsekereza mbuzi. Anthu anakhazika a Jekapu pampando wolemekezeka pafupi ndi mzere womalizira, a Edina kumanja kwawo, ine kumanzere. Anavala ovolosi yoyera imene anasokeratu kuti adzayendetsere.

Mbendera itagwa, injini khumi ndi imodzi zinalira pamodzi, fumbi linakwera n'kuphimba chilichonse. A Jekapu ankati akamva phokoso likuyandikira amatembenuza mutu uku ndi uku kufunafuna, koma mamotoka ankadutsa ali mulu, ndipo pamene diso lawo likupeza njira, panali patatsala fumbi lokha. Munthu amene ankadziwa injini iliyonse ya pa Feira ndi khutu analephera kupatula yake pakati pa zinazo. Datsun inathamanga bwino, ndikunena zoona. Inapitirira Musa pa chulu ulendo wachiwiri, anthu anakuwa, ndipo inamaliza mpikisano ili yachitatu.

Mphindi makumi awiri ndi zisanu zinakwana, zonse zinatha. Anthu anathamangira kwa opambana, a Elina anatsitsa ndodo, mbuzi zinayamba kuoloka. A Jekapu anali chikhalire, khosi atasolola, akuyang'anabe kumene kunkachokera mamotoka. Anagwira dzanja la akazi awo.

"Anyina Juliet, muniuze ikayandikila."

A Edina anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Mtima unandipweteka kuposa tsiku limene ndinaika atate anga m'manda, ndipo sindichita manyazi kunena.

"Yapita kale," anatero a Edina motsitsa mawu. "Katatu konse."