Zombo Zankhondo za Giredi Sikisi

Ndinakhalapo mkulu wa asilikali apamadzi kwa zaka ziwiri ndi theka, m'kalasi yofolera udzu, mtunda wa maola atatu panjinga kuchokera ku Mpanshya. Nyanja sindinaionepo mpaka lero. Madzi aakulu amene ndimawadziwa ndi a mtsinje wa Lunsemfwa nthawi ya mvula, ndipo amenewonso ndinawaonera patali, nditagwira mtengo.

Ndiyambe ndi za koleji. Ndinapita ku Lusaka kukaphunzira uphunzitsi, ndinakhalako chaka ndi miyezi ingapo, kenako ndinabwerako ndi chikwama chomwe ndinapita nacho. Anthu akandifunsa ndimayankha kuti kolejiyo inali isanakonzeke kulandira munthu ngati ine. Zoona zake n'zakuti ndinalephera mayeso kawiri, ndipo kachitatu sindinalowe n'komwe m'chipinda. Ndinatsala panja kuonerera anthu akutchetcha kapinga. Kumudzi kwathu ankadziwa chinthu chimodzi, choti mwana wa uje analowa koleji. Za katulukidwe sankazitsata kwenikweni. Choncho makolo atamanga sukulu yawoyawo ya njerwa zosawotcha, poti ana ankatopa kuwoloka mitsinje iwiri kupita kusukulu ya boma, komiti ya sukuluyo inabwera kwathu kudzandipempha kuti ndikaphunzitse.

Malipiro anali chimanga pokolola, nkhuku ikapezeka, ndi dzina lakuti ba ticha. Dzinalo ndi limene ndinkadya kwambiri. Panalinso china chimene atcheyamani a komiti anandinong'oneza pondiperekeza. Ati boma likadzaitenga sukuluyo, mphunzitsi wodzipereka amene wachita bwino amamusunga, n'kumubweza kukoleji kuti akamalize. Atcheyamaniwo anali bambo okalamba amene anakhalapo kondakitala wa basi, ndipo nkhani za boma ankazidziwa ngati mmene kondakitala amadziwira injini. Komabe ndinawakhulupirira. Khomo lina lobwerera kukoleji ndinalibe.

Mabuku a boma tinali nawo atatu, opanda zikuto, masamba ake ofewa ngati nsanza. Tsiku lina kunabwera mabokosi ochokera kwa anthu akufuna kwabwino a kutsidya kwa nyanja, ndipo anagawidwa m'masukulu osawatsegula. Lathu linali lolemera kuposa onse, moti atcheyamani analimenyera nkhondo. Titatsegula tinapezamo makope makumi atatu a buku limodzi, lophunzitsa kuzindikira mitundu ya zombo zankhondo. Mapepala osalala, onunkhira bwino. Tsamba lililonse linali ndi chithunzithunzi chakuda cha chombo, pansi pake dzina, utali, liwiro ndi mizinga. Ndimaganiza kuti kwinakwake kuli sukulu ya asilikali imene inalandira mabuku a kalimidwe ka mtedza. Ndimaifunira zabwino zonse.

Ndinaliwerenga sabata imodzi, ndipo ndivomere kuti linandigwira mtima. Kukoleji zonse zinkandisokonekera, koma m'buku umu chilichonse chinali ndi malo ake. Pamwamba panali chonyamula ndege, mudzi wathunthu woyandama. Disitiroya ndi yaliwiro, yodzaza zida, yopita patsogolo. Firigeti ndi yocheperapo, ntchito yake kuperekeza zinzake. Koveti ndi kakang'ono kongozungulira m'mbali mwa gombe. Panali sabumarini yoyenda pansi pa madzi, yosaoneka mpaka italuma. Kumapeto kwa buku, kumene zithunzi zinkayamba kuchepa, kunali zombo zothandizira: zosesa mabomba m'njira, zokoka zinzake zikafa, ndi matanka onyamula mafuta ndi madzi kuti zankhondozo zisaime.

Ana ndinali nawo makumi anayi, Giredi Faifi ndi Sikisi pamodzi, mphunzitsi ndekha. Sukulu inalibe wantchito. Mabenchi tinkabwereka kutchalitchi m'mawa n'kubweza masana. Pansi pankafunika kusesa, Lachisanu kuzira. Madzi akumwa ndi oumbira njerwa za kalasi yachiwiri makolo anagwirizana kuti azitunga ana, ndipo kumjigo kunali kutali, mzere wake wa m'mawa wautali. Munthu wanzeru akanalemba ndondomeko yoti ana azisinthana. Ine ndinali ndi buku.

Ndinawagawa. Asanu ndi mmodzi ogwira msanga ndinawaika pabenchi yakutsogolo, madisitiroya. Pambuyo pawo mafirigeti. Tiana tating'ono tosakhazikika tinakhala makoveti. Mnyamata wina amene ankabwera kawiri pamwezi ndinamutcha sabumarini, ndipo ndimanyadirabe kuti pamenepo ndinalondola. Chonyamula ndege ndinali ine. Otsalawo, khumi ndi mmodzi amene zilembo zinkawavuta, anakhala zombo zothandizira. Zosesa zinalandira matsache, zokoka zinalandira mabenchi, matanka analandira zigubu. Phunziro loyamba m'mawa linali kuwerenga, ndipo nthawi imeneyo zothandizira zinali pantchito.

Ndinawawerengera mwaulemu, nditaimirira, pamene buku linkanena kuti popanda zothandizira palibe gulu la zombo lingapite patali. Ndinamasulira m'Chinyanja, n'kubwereza m'Chisoli changa chothyokathyoka. Anawo ananyadira. Chimene chimandiwawa mpaka pano n'chimenecho. Akanalira, mwina ndikanaganiza kawiri. Iwo anapempha mabaji. Ndinawadulira a katoni, aliyense ndi chithunzi cha chombo chake, ndipo ankawamanga pachifuwa ndi ulusi wa thumba la fetereza. Makolo akamadutsa popita kumunda ankamva ana akutchula Chingelezi cholemera, n'kumagwedeza mitu kuti koleji si masewera.

Pakati pa matanka panali mtsikana wina wamtali, wa zaka ngati khumi ndi zitatu, mwana wa mayi wamasiye wootcha makala. Ankasenza chigubu chachikulu osachigwira, manja akusenda nzimbe. Ankapita kumjigo kawiri, nthawi zina katatu, n'kulowa m'kalasi kuwerenga kutatha, kolala ya diresi itanyowa. Tsiku lina anatsalira anzake atatuluka. Anaima pakhomo akupotokola baji yake, n'kufunsa ngati chaka chamawa angakwezedwe kukhala firigeti. Ndinamutsegulira tsamba. Ndinamuonetsa mmene tanka iliri yotakata, firigeti yowonda kutsogolo, n'kumufotokozera mwaukatswiri kuti zimenezi zimatengera kapangidwe, chombo sichisintha mtundu chili pamadzi. Anayang'ana zithunzizo nthawi ndithu.

"Chabwino, ba ticha," anatero, n'kupita kukatenga chigubu chake.

Ndinadziona kuti ndayankha bwino. Madzulo ake ndinafotokozeranso mkazi wa mchimwene wanga ngati nkhani yoseketsa.

M'chaka chachitatu kunabwera uthenga woti kukubwera woyendera sukulu kuchokera kumaofesi a ku Rufunsa, kudzaona ngati boma lingaitenge sukuluyo ndi amene alimo. Amene analimo ndinali ine. Kwathu mlendo saonetsedwa nsanza. Komiti inakhala pansi pa mtengo n'kugamula zinthu zitatu: iphedwe mbuzi, pansi pazilidwe mwatsopano, ndipo mabuku atatu aja a boma abisidwe chifukwa ndi ochititsa manyazi. Atcheyamani anawasomeka okha mu udzu wa denga. Pabenchi paliponse tinayalapo mabuku osalala aja. Ine ndinawonjezera chachinayi, perete wa zombo pabwalo. Tinayeserera masabata awiri, ndipo masiku amenewo matanka anatunga madzi ochuluka kuposa kale, poti fumbi la pabwalo linkafunika kuwaza.

Woyenderayo anali mayi wamfupi wa nsapato zafulati, anabwera atakwezedwa panjinga yamoto, chitenje atakulunga pamwamba pa siketi. Ana anaguba. Zosesa zinatsogola zikugwedeza matsache, madisitiroya pambuyo, mafirigeti m'mbali, makoveti akuthamanga uku ndi uku monga mwa chikhalidwe chawo. Ngakhale sabumarini anatulukira tsiku limenelo, atamva za mbuzi. Disitiroya aliyense anaima n'kutchula m'Chingelezi liwiro lake ndi mizinga yake, osaphonya. Amayi a m'mudzi analuluta. Woyenderayo anaomba m'manja, ndipo ine mumtima ndinali nditayamba kale kusankha bedi kukoleji, la pafupi ndi windo.

Atcheyamani anati tidye kaye. Mayiyo anati mbuzi siithawa poti yafa kale, alowe kaye m'kalasi. Analowa, anatenga choko, analemba pabolodi m'Chinyanja kuti amayi apita kumunda. Madisitiroya anakweza manja mpaka kuimirira. Iye anawadutsa ngati sakuwaona, anadutsa mafirigeti, anakaima kumbuyo kwenikweni, pamene panakhala mtsikana wamtali uja.

"Tawerenga apo, mwanawe."

Mtsikanayo anaimirira. Anayang'ana bolodi, kenako anayang'ana ine. Panja pankamveka amayi akukangana za mchere.

"Sunaphunzire kuwerenga?"

"Ine ndine tanka, madamu."

"Ndiwe chiyani?"

"Tanka. Ife ndife a madzi. Owerenga ni aja kutsogolo."

Sanalankhule modandaula. Ananena ngati mmene munthu amatchulira mfunda wake, n'kuonetsa baji kuti madamu atsimikize. Mayiyo anaigwira baji ija, anaitembenuza, anaisiya. Kenako anafufuta bolodi n'kulemba mawu ena, ndipo anawafunsa onse khumi ndi mmodzi, mmodzimmodzi, osafulumira. Awiri anayesako. Mmodzi wa zokoka anadziwa chilembo choyamba cha dzina lake, ndipo anachiloza mosangalala paliponse pamene chinapezeka.

Anandiitanira panja, kuseri kwa kalasi kumene tinkaunjika njerwa. Anafunsa amene anagawa magulu. Ndinati ndi njira yamakono yophunzitsira. Anafunsa ngati ndinaiphunzira kukoleji. Ndinati ndinachokako asanafike pamutu umenewo. Nthabwala imeneyi inkandipulumutsa pamaliro ndi pamowa pomwe, koma iye anangondiyang'ana mpaka inauma yokha. Kenako anafunsa kuti mtsikanayo wakhala akutunga madzi nthawi yowerenga kuyambira liti.

"Zaka ziwiri, madamu."

"M'mawa uliwonse?"

"Kupatula Loweruka ndi Lamlungu."

Ndinanena zimenezo ndi pakamwa panga. Iye analemba m'kope mwake mzere umodzi wokha. Anafunsanso ngati tili ndi mabuku ena, ndipo ndinayang'ana kudenga osafuna. Anayang'ananso iye, anaona ngodya ya pepala ikusuzumira mu udzu.

Mbuzi ija mayiyo anaidya bwino, anathokoza amayi ophika, anayamika makolo chifukwa cha njerwa. Pochoka anamupatsa mwendo wa mbuziyo wokulunga m'masamba a nthochi, ndipo analandira ndi manja awiri. Atcheyamani anandimenya paphewa. Ati mlendo akalandira mwendo ndiye kuti nkhani yapsa, ndiyambe kuchapa malaya a kukoleji. Ndinawachapadi. Munthu ukafuna chinthu umakhulupirira ngakhale mwendo wa mbuzi.

Mawa lake ndinalemba ndondomeko yosinthana ntchito, imene ikanandidyera mphindi khumi zaka ziwiri zapitazo. Madisitiroya anakana kugwira zigubu, makolo awo anabwera kudzafunsa kuti ana awo alakwa chiyani. Matanka nawo anakhumudwa, ati ndawalanda udindo. Mtsikana uja ndinamukhazika kutsogolo n'kuyamba naye a, e, i. Ankachita manyazi ndi msinkhu wake, ankabisa kope ndi mkono. Tinafika pa zilembo zingapo, kenako inakwana nthawi yokolola ndipo ana onse anamwazikira kuminda.

Chimanga chitalowa m'nkhokwe kunabwera kalole kakang'ono, pamwamba matiresi awiri ndi mbaula. Anali aphunzitsi awiri a boma, mnyamata ndi mtsikana, a msinkhu wa ang'ono anga. Boma linaitenga sukulu. Aphunzitsiwo anawayesa ana onse mwatsopano, ndipo amene sankatha kuwerenga anawabweza ku Giredi Thu. Sanalakwe. Mtsikana wamtali uja anakhala pakati pa tiana tofika m'chiuno mwake masabata atatu, kenako anasiya. Amayi ake ndinakumana nawo panjira atasenza makala. Anandipatsa moni wa ba ticha, anagwada pang'ono, anati mwanayo mutu wake ndi wouma chibadwire, ndisadandaule, ine ndinayesetsa.

Za ine atcheyamani anabwera kudzandiuza okha. Anayamba ndi mvula, anapita ku mtengo wa fetereza, anadutsa pa bondo lawo, ndipo dzuwa litapendeka anafika ponena kuti dzina langa silinatuluke. Ati mwina mbuzi inali yaing'ono. Ndinawauza kuti mbuzi inalibe mlandu. Ndinapempha kalata yondichitira umboni, yoti ndikafunire ntchito ina kumsewu waukulu, kaya ku Chinyunyu kaya kulikonse kumene anthu sanandionepo ndikugubitsa ana. Iwo anati kulemba kunawadutsa ali pabasi, ndilembe ndekha zimene ndikufuna, iwo adinda.

Ndinakhala pakhonde ndi pepala pabondo. Munthu wopatsidwa mwayi wodzitama ndi chidindo cha komiti sayenera kuvutika, koma ndinatafuna cholembera mpaka chinasweka kumapeto. Ndinalemba kuti mwini kalatayi anagwira ntchito pasukuluyi zaka ziwiri ndi theka, sanachedwepo, ndipo katundu wa sukulu anamusamala. Atcheyamani anati ndiwawerengere. Ndinawerenga.

"Yafupika, ba ticha. Anthu adzati tinakangana. Onjezerani kuti munali wokonda ana."

Ndinawonjezera. Anauzira mpweya pachidindo, anatsamira ndi thupi lonse, anadinda.