Mphika wa Sinamoni Umene Ndinakhuthula

Ndikukumbukira chisanu cha mwezi wa Juni ku Mzimba Boma, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Adada anabwera kuchokera kocheka matabwa ku Viphya akunjenjemera ndi chimfine. Pafupi nafe pankakhala mayi wa ku Japan amene ankaphunzitsa sayansi. Dzina lawo linkatipinda lilime, ndiye tonse tinkangoti a NyaJapani.

Atamva adada akutsokomola, anandipatsa kakhungwa kofiirira, kakang'ono ngati chala, ka fungo lokoma. Anati ndi sinamoni, ndipo kwawo amawiritsa pamodzi ndi jinja kuti amwe munthu wozizidwa. Anandigwira dzanja n'kundichenjeza kuti kakapu kamodzi patsiku n'kokwanira, ndipo amama, amene anali oyembekezera, asalaweko.

Adada anamwa, anatuluka thukuta, patapita masiku atatu anadzuka. Vuto linayambira pomwepo. Kwathu mankhwala a mizu timawiritsa mphika wodzaza, n'kumamwa tsiku lonse mpaka madzi atayera. Adada anakagula sinamoni wambiri, n'kumuthira yense mumphika, ati amama azimwa kuti mwana adzabadwe wamphamvu. Ndinawakumbutsa chenjezo lija, koma anati mwana wa dzulodzuloli sangaphunzitse akulu za mankhwala.

Mtima unandiwawa kwambiri. Nditaona amama akutsuka kapu, ndinakulunga chitenje m'manja, n'kuphula mphikawo, n'kukaukhuthulira kuseri kwa nyumba. Bwalo lonse linanunkhira. Adada anathyola kanthambi ka pichesi, ndipo zikoti zitatu zinandipeza m'miyendo. Kulira ndinalira, koma sindinathawe.

"Mukawiritsanso, ndikatayanso," ndinatero.

Kulirako n'kumene kunaitana a NyaJapani. Anagwada monga amachitira amayi akwathu, n'kufotokoza m'Chichewa chawo chothyokathyoka kuti sinamoni akachuluka amawononga chiwindi, ndipo woyembekezera asamwe ngati mankhwala asanafunse kuchipatala.

"Yewo chomene," anatero adada powathokoza m'chiyankhulo chakwathu, ndipo sanagulenso sinamoni. Koma zondipepesa ine, aa, ndikudikirabe.

Masiku ano sinamoni ali mumsika uliwonse, ndipo aliyense wokhala ndi foni wasanduka sing'anga. Mwana amene anali m'mimba uja ndi bambo wandevu tsopano. Sabata yatha ananditumizira uthenga woti masupuni atatu a sinamoni m'mawa uliwonse amathetsa shuga, ati iye wayamba kale. Ndinatseka chitseko n'kukakwera minibasi yopita kwa iye.