Chitsa ndi ndakatulo za ahedi

Aphunzitsi athu a histole, kusekondale ina kufupi ndi Kasakula, anatiuza za mfumu yankhanza ya Agiriki akale yomwe inkalembanso ndakatulo. Olemba mabuku akale amati munthu wina atanena kuti ndakatulozo n'zosakoma, mfumuyo inamutumiza kokaphwanya miyala. Atamutulutsa n'kumuwerengera zina, munthu uja anapempha yekha kuti angomubwezera kumiyala komweko.

Kalasi yonse inaseka. Ine sindinaseke, chifukwa ahedi athu nawonso ankalemba ndakatulo. M'mawa uliwonse pa asembule ankatiimika padzuwa n'kumatiwerengera za kukokoloka kwa nthaka, masamba anayi, zopanda mchere ndi pang'ono pomwe. Wosaomba m'manja chibalo chake chinali kuzula chitsa kuseri kwa zimbudzi.

Tsiku lina ndinayasamula mokweza. Chitsa cha msuku chinandidyera masiku atatu, manja onse matuza okhaokha. Nditamaliza, ahedi anandiitanira ku ofesi, nkhope ili mwee.

"Poti waphonya za masiku atatu, khala apo ndikuwerengere."

Ine mtima wa Mgiriki uja ndinalibe. Ndinakhala, ndinamvetsera zonse zitatu, kenako ndinaomba m'manja ndi matuza omwewo. Chimene chimandinyansa mpaka lero n'chakuti ndinawonjezera kuti, "Yachitatuyo ndiye yakoma, bwana."