Tsiku Limene a Pang'ono Anatsitsa Dishi

Dzina lawo lenileni lili pa chiphaso, koma kuntchito, mumsewu, ngakhale kunyumba kwawo komwe, bambo amenewa ndi a Pang'ono. Dzinali analitola pamwamba pa mlongoti. Ntchito yawo ndi kumangirira madishi a intaneti, ina tsidya lino, ina tsidya linalo, mpaka madishiwo ayang'anizane bwinobwino. Ukaima pansi umangowamva akuuza mnzawo pa foni: "Kumanja pang'ono. Ayi, wapitiriza. Bweza pang'ono." Zaka makumi awiri, nyimbo yake yomweyo.

Munthu wake ndi wamfupi, wadazi, wosadziwa kuthamanga. Sipanala amazimangirira ku lamba ndi chingwe kuyambira tsiku limene ina inawapulumuka n'kuboola denga la eni ake. Akazi awo amadandaula kuti ngakhale kalendala saikhoma pakhoma osabwerera m'mbuyo kanayi kukaiyang'ana. Mlongoti wautali bwanji amaukwera akuimba mluzu. Koma muwaike m'boti, mudzawamvera chisoni. Kusambira sadziwa, ndiye amakhala pakatikati atakumbatira chikwama cha zida, maso ali kumapazi.

Chaka china kampani yawo inalumikiza sukulu ya pachilumba ndi mlongoti wa kumtunda, makilomita makumi awiri ndi atatu, pakati ponsepo madzi okhaokha. Dishi anaikweza pansonga penipeni pa mlongoti wa pasukulu, pajatu aliyense amati ukakweza ndiye imagwira. Netiweki inagwiradi, anthu anawomba m'manja. Sabata isanathe madandaulo anayamba. Masiku ambiri inkayenda bwino, koma m'mawa wina imangozima popanda chifukwa, n'kudzabwera yokha dzuwa litakwera. Abwana a kampaniyo anasinthitsa mawaya, anasinthitsa batire, kenako anagamula kuti mlongoti ndi waufupi, auwonjezere mwezi wamawa.

Kwa mayi wina pasukulupo mwezi wamawa unali kutali kwambiri. Anali mphunzitsi wothandizira, zaka zisanu ndi zinayi akuphunzitsa ana a anthu wopanda satifiketi. Lachinayi m'mawa ankayenera kulemba mayeso olowera kukoleji pa kompyuta, maola atatu, ndipo lamulo linali lakuti netiweki ikaduka mphindi khumi mayeso atsekeka. Akanalephera ulendo uno, chaka chamawa zaka zake zobadwa zikanakhala zitapyola malire. Anafunafuna nambala ya a Pang'ono n'kuwaimbira yekha.

"Bambo, sindikupempha zambiri ayi. Maola atatu basi."

A Pang'ono sanalonjeze kanthu, si munthu wolonjeza zimene sanazigwire ndi manja. Koma mawuwo anawakhala pamtima. Anatenga kabuku kamene ankalembamo tsiku lililonse limene netiweki yaduka, n'kutsikira kudoko kwa mlamu wawo woyendetsa boti, munthu wa pakamwa posapuma.

"Alamu, pa 3 mwezi uno m'mawa, nyanja inali bwanji?"

"Inali phee. Mwayamba liti kufunsa za madzi, inu amene mumaopa ndi a m'beseni omwe?"

"Nanga pa 7?"

"Chimodzimodzi. Unkachita kudziona nkhope."

Masiku onse asanu ndi limodzi a m'kabukumo anali a bata. Apa m'pamene a Pang'ono anaigwira nkhani. Madzi akadekha amasanduka galasi. Uthenga wochoka kumtunda unkafika pa dishi kawiri, wina molunjika, wina utagunda pamadzi n'kunjanja, ndipo awiriwo akakumana mosemphana ankafafanizana. Kukweza dishi kunali kungoionetsa madzi ambiri. Mankhwala ake anali kuibisa kuti madziwo isawaone.

Abwana atamva anaseka pa foni. "Anzanu akukwera, inu mukufuna kutsika? Ikakana, nkhaniyi ndi yanu nokha."

"Ndamva, bwana," anatero a Pang'ono, akumanga kale chikwama.

Lachitatu anawoloka kukuwomba mphepo, mlamu akuwanena njira yonse kuti atsegule maso aoneko dziko. Atatsika m'boti anakhala pamwala kanthawi, kenako n'kukwera mlongoti ngati palibe chachitika. Anamasula dishi, anaitsitsa ndi chingwe, n'kuyamba kuzungulira sukulu yonse akuwerama, akusuzumira, akupukusa mutu. Aphunzitsi ankangoyang'anana. Kuseri kwa chipinda chosungira mabuku, pa chipilala cha thanki ya madzi, anapeza pamene ankafuna. Ukaika diso pamenepo, phiri la kumtunda pamene panali mlongoti wina uja linkaoneka pamwamba pa denga, koma nyanja osaoneka ngakhale dontho. Anamangirira paipi yaifupi ndi mabawuti anayi, n'kuthera masana onse akupotokola nati, kuyang'ana manambala pa laputopu, kupotokolanso.

Manambalawo anali otsikirapo kuposa a pamwamba paja, ndipo a Pang'ono sanabise.

"Mayi, mphamvu yachepako, koma ndikukhulupirira kuti siithawa. Kutsimikiza sindingathe mpaka madzi atadekha."

"Ndiye tipemphe kuti mawa kuwombe mphepo," anatero mayiyo. Anayesa kuseka, koma nkhawa inkaonekera pankhope.

Mphepo yake iti? Lachinayi kunacha bata loti ngakhale tsamba osagwedezeka. Mlamu uja anayang'ana nyanja, n'kuyang'ananso a Pang'ono. Mayiyo analowa m'chipinda cha makompyuta, chitseko chinatsekedwa. A Pang'ono anakhala pa njerwa pansi pa dishi, laputopu ili pamaondo. Mantha anali nawo, tisanamizane. Dishiyo anaitsitsa okha, popanda wowatuma, ndipo ikanakana, zaka zisanu ndi zinayi za munthu zikanathera m'manja mwawo.

Ola loyamba manambala anangoti nji. Lachiwiri anatsika kamodzi, anatsikanso, a Pang'ono n'kugwira sipanala osadziwa choti amange. Anadziletsa, pakuti dishi siigwidwa munthu ali pakati pa mayeso. Manambala anakweranso okha. Tiyi amene mkazi wa ahedi anawabweretsera anazizira pambali, ntchentche n'kugweramo.

Chitseko chitatseguka, mayiyo anatuluka akutikita maso, akufotokozera ahedi za funso lina la masamu. Anatsala pang'ono kuwadutsa a Pang'ono osawaona.

"Zayenda bwanji, mayi?"

"Funso lomaliza landizunguza mutu, bambo. Koma onse ndayankha, ndatumiza."

"Nanga netiweki?"

Mayiyo anaima, n'kuganiza kaye, kenako anagwira pakamwa ndi manyazi.

"Pepani bambo. Ndinaiwalako zoti kuli netiweki."

A Pang'ono anatseka laputopu. Pa zaka zonse zimene akhala akukwera milongoti anthu awathokozapo ambiri, ena mpaka powalembera makalata, koma mukawafunsa amati palibe anawayamikapo ngati mayi amene uja.