Pakhomo panga pasanduka dzala

Mwaswera bwanji nonse. Ine sindinaswere bwino.

Masana ano pochokera kumsika ndapeza galimoto itaima pageti panga kuno ku Sadzi, amuna awiri akutsitsa matumba a zinyalala. Nditafunsa, dalaivala wandionetsa foni: "Mayi, mapu akuti pano ndi potayira zinyalala."

Nonse mukudziwa kuti ine ndimatolera mabotolo apulasitiki ndi zitini zoti akapangire zinthu zina. Achimwene a Fanuel ndi amene anandiika pa mapuwo mwezi watha, ati anthu azindipeza msanga. Ndawaimbira, akuti posankha mtundu wa malo anangodina chomwe chinali pamwamba. "Zonsezo si zinyalala zomwe, achemwali?" Akunena akuseka.

Thumba lina laphulika. Matewera a ana ogwiritsidwa kale ntchito agwera pamphasa pomwe amayi anayanika ufa wawo. Amayi angotenga tsache n'kuyamba kusesa okha, ndi msana wawo wovuta uja. Ufa wonse tataya.

Galimoto yapita, matumba ena yasiya pomwepo. Achimwene akuti akonza mapuwo akapeza bandulo ya intaneti.

Ndiye ndiuzeni abale, matumbawa ndikawatule pakhomo pa achimwenewo ku Chirunga, kapena ndidikire kaye galimoto ina ibwere?